Makina akale otsukira mbale amafuna wowadziwa

M'midzi ya ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde mbale amatsukira m'beseni n'kuziyanika pathandala, ndipo palibe amene amadandaula. Koma ana ambiri a m'midzi yomweyi masiku ano akugwira ntchito m'makhitchini a mahotela, m'nyumba zogona alendo ndi m'malo odyera ku Tete, ku Moatize, ku Songo ndi ku Ulónguè. Ena ali m'nyumba za mabwana ku Beira, ku Maputo ngakhalenso ku Johannesburg. Kumeneko amakumana ndi chibokosi chachitsulo chokhala pansi pa tebulo la m'khitchini, m'mene mbale zimalowa zakuda n'kutuluka zoyera, zikutentha. Awa ndiwo makina otsukira mbale.

Kawirikawiri makinawa sakhala atsopano. Mwini wake amakhala atawagula kwa wina amene anawagwiritsa ntchito zaka zingapo, ndipo kabuku kofotokoza kagwiritsidwe kake kanasowa kalekale. Tsiku limene makinawo aima, woyamba kulozedwa chala ndi wantchito. Ena amawadula malipiro, ena ntchito imathera pomwepo. Chomvetsa chisoni n'chakuti nthawi zambiri chimene chaimitsa makinawo ndi kanthu kakang'ono, monga munga wa nsomba kapena njere ya ndimu, koti munthu wodziwa akanakachotsa ndi zala zake m'kanthawi kochepa. Makina akale ambiri amafa chifukwa chosowa wowasamala, ukalamba usanawapeze n'komwe.

KUMENE AMACHOKERA

Makina oyamba otsukira mbale amene anagwira bwino ntchito anapangidwa ndi mayi wina wa ku America, dzina lake Josephine Cochrane, amene boma linamupatsa chikalata cha umwini wa luso lakelo m'chaka cha 1886. Anawaonetsa pa chionetsero chachikulu cha ku Chicago mu 1893, ndipo oyamba kuwagula anali eni mahotela ndi malo odyera. Ku Ulaya kampani ya Miele ya ku Germany inatulutsa makina oyendera magetsi mu 1929. M'nyumba za anthu wamba anachedwa kufika chifukwa ankafuna madzi a m'mipopi ndi magetsi okwanira, ndipo zofuna zake zikadali zomwezo mpaka lero.

Amene amafika m'chigawo cha Tete ambiri amakwera malole ndi mabasi ochokera ku South Africa kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Cuchamano. Ena amagulitsidwa ndi alendo obwerera kwawo, pakuti kuyambira 2011, pamene mgodi waukulu wa ku Moatize unayamba kutumiza malasha kunja, mumzinda wa Tete mwadutsa alendo ochuluka. Mayina amene amaoneka pazitseko zake ndi monga Defy, Bosch, Whirlpool, AEG, LG ndi Samsung. Mayina ndi osiyana, koma m'mimba mwake zinthu n'zofanana.

M'MENE AMAGWIRIRA NTCHITO

Ena amaganiza kuti chibokosicho chimadzaza madzi ngati mgolo. Si choncho ayi. Madzi amalowa ochepa, malita atatu kapena anayi pa nthawi imodzi, n'kukhala pansi penipeni. Chitsulo chotenthetsera chimawatenthetsa mpaka madigiri 50 kapena 70. Kenaka pampu yaikulu imawakankhira m'mikono iwiri yokhala ndi timabowo, wina pansi wina pakati. Mphamvu ya madziwo ndiyo imazunguza mikonoyo, ndipo madzi amawaza mbale mbali zonse. Akagwa pansi amadutsa m'sefa imene imakola zinyenyeswa, n'kubwereranso ku pampu. Akada, pampu ina yaing'ono imawatulutsa, ena oyera n'kulowa.

Choncho madzi omwewo amazungulira kambirimbiri. Apa ndipo pagona nkhani yonse. Sefa ikatsekeka, madzi sazungulira. Timabowo ta mikono tikatsekeka, mikono siyenda. Paipi yotulutsira ikapindika, madzi akuda amabwerera pambale. Munthu amene wamvetsa njira imene madzi amayenda wadziwa kale theka la ntchito yokonza.

Makina a masiku ano amatha malita 10 mpaka 12 pa ulendo umodzi, pamene akale amatha malita 20 kapena kupitirira. Magetsi amadya yuniti imodzi kapena imodzi ndi theka pa ulendo uliwonse. Wotsuka kawiri pa tsiku ayembekezere kuti pa mwezi mayuniti 60 mpaka 90 a Credelec apita ku mbale zokha. Mwini malo odyera awerengere zimenezi asanatulutse ndalama zogulira.

POGULA

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Makina ogula kwa wina asagulidwe poona kuwala kwa chitseko. Wogula apemphe kuti awalumikize ku madzi ndi ku magetsi, ayende ulendo wonse iye ali pomwepo. Amvetsere ngati madzi akulowa msanga, ngati pampu ikulira mosalala, ndiponso ngati pomaliza madzi atuluka onse. Patapita mphindi 30 atsegule chitseko pang'onopang'ono. Ngati simutuluka nthunzi ndiye kuti chotenthetsera chinafa. Wogulitsa amene akukana kuwayesa akudziwa chimene akubisa.

Ayang'anenso mphira wozungulira chitseko ngati sunang'ambike kapena kuuma. Asuzumire pansi ndi tochi kuti aone dzimbiri ndi zipsera zoyera za madzi amene ankadontha. Akoke mabasiketi kuti aone ngati timatayala take tilipo tonse. Anunkhize kuseri kwa mabatani, pakuti fungo la waya wopsa silibisika. Ndowe za mphemvu ndi za makoswe n'chizindikiro choipa, chifukwa tizilomboti timakonda kufunda kwa malo amene pali mawaya.

M'mphepete mwa chitseko mumakhala kachikwangwani kolembedwa dzina la makina, nambala yake ndi mphamvu ya magetsi imene amafuna. Magetsi a EDM ndi a 220 V, ndipo makina a ku South Africa ndi a ku Ulaya amagwirizana nawo. Makina opangidwira dziko la America, olembedwa 120 V, asagulidwe ngakhale mtengo wake utsike motani. Nambala ya makinawo ilembedwe m'kope kapena ijambulidwe ndi foni, chifukwa popanda iyo wogulitsa zipangizo sangadziwe chimene akufunsidwa.

Pali chinthu chinanso chimene eni malo odyera amaiwala. Makina a m'nyumba amanyamula mbale za anthu 12 mpaka 14, ndipo ulendo umodzi umatenga ola ndi theka, nthawi zina maola atatu. Anapangidwira banja lotsuka kamodzi kapena kawiri pa tsiku. Makina a m'mahotela ndi ena, amene amatsuka basiketi imodzi m'mphindi ziwiri kapena zitatu. Woika makina a m'nyumba pamalo podyera anthu ambiri, n'kumawayendetsa kuyambira m'mawa mpaka usiku, ali ngati munthu womangirira mwana wa ng'ombe ku ngolo ya chimanga.

Ponyamula, makinawo aimirire monga amakhalira m'khitchini, atakhuthulidwa madzi onse. Akagonekedwa, madzi otsalira amayenderera ku mawaya.

MAGETSI NDI MADZI

Chotenthetsera madzi chimakoka magetsi ambiri, pafupifupi ma watt 2000. Chifukwa cha ichi makinawa amafuna soketi yawoyawo yapakhoma. Zingwe zowonjezera za pamsika ndi timaadaputa totchipa zimatentha, kusungunuka, ndipo zingathe kuyatsa nyumba. Makina ochokera ku South Africa amabwera ndi pulagi ya mano atatu obulungira. Dzino lalikululo ndi la waya wopita m'nthaka, amene amateteza munthu magetsi akathawira ku chitsulo cha makina. Ena amadula pulagiyo n'kulowetsa mawaya awiri okha m'soketi. Makina amayendadi, koma moyo wa wantchito umakhala uli pachiswe, makamaka poti m'khitchini pansi pamakhala ponyowa ndipo ambiri amagwira ntchito opanda nsapato.

Munthu akamva kunyerenyetsa pogwira chitseko, ngakhale pang'ono chabe, azimitse magetsi pa bokosi lalikulu la nyumba, azule pulagi, ndipo asawayatsenso mpaka wodziwa zamagetsi atawaona. Apa palibe zopirira kapena kuopa bwana. Wamagetsiyo aone waya wa m'nthaka, ndipo ngati n'kotheka aike chozimitsa chimene m'masitolo amachitchula kuti disjuntor diferencial, chimene chimadula magetsi chokha akayamba kuthawa.

Magetsi akamathimathima, kapena mababu akamayaka mofooka, ndi bwino kudikira. Kubwera kwa magetsi mwadzidzidzi kumapsereza kabolodi kamene kamalamulira makina onse, ndipo kabolodiko n'kokwera mtengo. Nyengo ya mvula ya mphezi, kuyambira Novembala mpaka Malichi, pulagi izizulidwa makina akamaliza ntchito. Jenereta yaing'ono ya wailesi ndi mababu singawakwanitse, chimodzimodzinso sola ya panyumba yotchajira mafoni.

Madzi nawo amafunika kubwera ndi mphamvu. Makina ambiri amafuna mphamvu yofanana ndi ya madzi ochokera m'thanki yokwezedwa mamita osachepera 5 pamwamba pa makinawo, ena mpaka mamita 10. Thanki yokhala pa nsanja ya mamita awiri imatulutsa madzi pampopi bwinobwino, koma makina amadikira, madzi osakwana, kenaka n'kuima. Anthu ambiri alipira amakaniko pachabe pa vuto limeneli, pamene chofunika chinali kukweza thanki kapena kuika kapampu kowonjezera mphamvu.

Madzi akasiya kutuluka m'mipopi n'kubweranso, amayamba ndi matope ndi mchenga. Mpopi wa pasinki utsegulidwe kaye mpaka madzi ayere, makina asanayatsidwe. Paipi yotulutsira madzi akuda ikwezedwe mpaka pansi pa tebulo isanatsikire ku ngalande, kuti madzi a m'sinki asabwerere m'makina. Ndipo makinawo akhale pamalo osapendekeka. Miyendo yake imapotokola ngati bawuti, ndipo akapendekeka chitseko sichitseka bwino.

ZA TSIKU NDI TSIKU

Mdani wamkulu wa makinawa kuno kwathu ndi chakudya chimene chimadyedwa. Nsima ikanyowa imasanduka phala lomata limene limatseka sefa. Minga ya chicoa ndi ya kapenta, mafupa a nkhuku, njere za ndimu, makoko a nyemba ndi timitengo totokosera m'mano zimakathera ku pampu. Choncho mbale iliyonse ipalidwe ndi supuni isanalowe. Sikofunika kuitsuka, kungochotsa zotsalira basi. Ku Tete, kumene dzuwa la Okutobala ndi Novembala limapitirira madigiri 40, zotsalira zimauma msanga, kotero mbale zisakhale tsiku lonse zikudikira.

Miphika ya pamoto wa nkhuni kapena makala isalowemo. Mwaye umadetsa zonse, ndipo mchenga kapena phulusa lokwechera zimadya pampu. Mithiko, zipande ndi mipeni ya zigwiriro zamtengo zimang'aluka ndi kutentha. Mapoto a aluminiyamu amada, a chitsulo chakuda amachita dzimbiri, ndipo mbale zapulasitiki zopyapyala zimapindika. Zonsezi ndi za m'beseni.

Poika mbale, iliyonse ipenye kumene madzi akuchokera, makapu ndi mabakuli zikhale chozondoka, ndipo zisaunjikane. Mipeni iloze pansi. Asanatseke chitseko, munthu azunguze mikono iwiri ija ndi dzanja kuti aone ngati sikugunda chinthu. Chikho chimodzi cholendewera chikhoza kuimitsa mkono, mbale zonse n'kutuluka zakuda.

Sefa ili pansi, m'kati mwa makina. Imatuluka poipotokola ndi dzanja, popanda chitsulo chilichonse. Pamalo odyera itsukidwe tsiku lililonse, panyumba kamodzi pa mlungu, ndi madzi ofunda ndi mswachi wakale. Poibwezera iyenera kukhala bwino mpaka itagwira, chifukwa sefa yokhala mopendekeka imalola zinyalala kudutsa. Kamodzi pa mwezi mikono ichotsedwe, timabowo take titokosedwe ndi kamtengo kosongoka, ndipo ikhutchumulidwe ndi madzi a pampopi. Mphira wa chitseko upukutidwe ndi kansalu konyowa, makamaka pansi pamene mafuta amabisala. Ntchito ikatha chitseko chisiyidwe chotsegula pang'ono kuti muume, kupewa fungo ndi nkhungu.

Makina okhala osayenda miyezi yambiri amauma mphira ndipo pampu imamatirira. Ngakhale alendo atachepa, ndi bwino kuwayendetsa kamodzi pa milungu iwiri.

SOPO NDI MCHERE

Safunsa anadya phula. Ambiri amene angoyamba kumene ntchito amathira sopo wamadzi wotsukira m'beseni kapena waufa wochapira zovala, poganiza kuti sopo ndi sopo. Sopo ameneyu amachita thovu lochuluka. Thovulo limatuluka pachitseko, limalowa pansi pamene pali mawaya, ndipo pampu imalephera kukankha madzi. Makinawa ali ndi sopo wawowawo, waufa kapena wa timibulu, amene sachita thovu. Ndi wokwera mtengo ndipo sapezeka m'misika ya kumidzi, koma palibe cholowa m'malo mwake. Sopoyu ndi waukali, amawotcha m'kamwa ndi m'maso, choncho asungidwe patali ndi ana, pamalo ouma.

Ngati wina walakwitsa kale n'kuthira sopo wathovu, azimitse makina, achotse thovu ndi madzi ndi kapu, athiremo supuni ziwiri za mafuta ophikira amene amapha thovu, kenaka awayendetse opanda mbale kawiri kapena katatu.

Madzi a m'mijigo ndi m'zitsime zina amakhala ndi laimu wosungunuka. Chizindikiro chake chili m'ketulo: ngati m'kati mwake mumachita nkhoko zoyera, ndiye kuti nkhoko zomwezo zikumera pa chotenthetsera ndi m'mapaipi a makina. Chotenthetsera chokutidwa ndi nkhoko chimadya magetsi ambiri, kenaka chimapsa. Pofuna kuteteza zimenezi, makina ambiri ali ndi kachitini ka mchere pansi, pafupi ndi sefa, kotseka ndi chivindikiro chopotokola. Mcherewo sutsuka mbale. Ntchito yake ndi kutsitsimutsa timikanda tina tobisika m'kati timene timakola laimu madzi asanalowe. Umafunika mchere wa makinawa, wamibulumibulu ndi woyera. Wa patebulo ndi wosalala kwambiri ndipo amauthira zinthu zina, pamene wa pamsika umabwera ndi dothi. Mchere ukatayikira pansi pothira, makina ayendetsedwe nthawi yomweyo, apo ayi chitsulo chichita dzimbiri. M'kachitini kameneka musalowe sopo ngakhale tsiku limodzi, pakuti amapheratu timikanda tija.

Kachitini kena kali pachitseko, pafupi ndi ka sopo. Umo mumathiridwa madzi owalitsa, amene amathandiza kuti matambula aume opanda mawanga.

Pakapita miyezi iwiri kapena itatu, makina atsukidwe okha opanda mbale. Munthu aike kapu ya viniga woyera m'bakuli pa basiketi yapamwamba, kapena supuni zitatu za ufa wowawasa umene m'masitolo umatchedwa ácido cítrico, n'kuwayendetsa pa madzi otentha kwambiri. Viniga asasakanizidwe ndi Jik kapena mankhwala ena oyeretsa a mtundu umenewo. Ziwirizi zikakumana zimatulutsa mpweya wapoizoni umene umawotcha mapapo.

AKAIMA

Lamulo loyamba ndi limodzi: pulagi izulidwe ndipo mpopi utsekedwe munthu asanapise dzanja paliponse.

Makina akakana kuyaka, ayambe ndi zapafupi. Kodi mayuniti alipo? Kodi chozimitsa cha pabokosi sichinagwe? Soketi iyesedwe ndi ketulo. Chitseko chikankhidwe mpaka chimveke kuti chagwira, pakuti makinawa sayenda chitseko chisanatsekeke. Ena ali ndi batani lochedwetsa nthawi yoyambira kapena loko wa ana, ndipo amakhala kuti wina analidina mosadziwa.

Madzi akakana kulowa, aone ngati mpopi uli wotsegula ndiponso ngati paipi sinapanikizike kumbuyo. Pamene paipiyo imamangidwa ku mpopi pali kasefa kakang'ono ngati ndalama yachitsulo. Kamadzaza mchenga. Akachotse ndi pulayala mosamala, akatsuke, akabwezere.

Madzi akatsalira pansi, vuto lili pa sefa, pa pampu yotulutsira kapena pa paipi. Atachotsa sefa, atunge madziwo ndi kapu ndi siponji. Pa makina ambiri pansi pa sefa pali kachivindikiro kamene kamatukulidwa ndi supuni, ndipo kuseri kwake kuli kagudumu ka mapiko ka pampu. Kayenera kuzungulira ndi chala. Apa mpamene pamakodwa minga, njere ndi magalasi osweka, choncho apisemo mosamala kuti asadzicheke. Akatero aone paipi yotulutsira ngati sinapindike kapena kutsekeka ndi mafuta oundana.

Mbale zikatuluka zakuda, aone sefa, timabowo ta mikono, kaikidwe ka mbale, ndi ngati kachitseko ka sopo kanatseguka. Zikatuluka ndi ufa woyera, mchere watha kapena chivindikiro chake sichinamangidwe bwino. Zikatuluka zozizira ndi zamafuta, chotenthetsera chafa, ndipo imeneyo ndi ntchito ya makaniko.

Nthawi zina pampu yotulutsira imangolira osaleka, ngakhale chitseko chili chotsegula. Pansi penipeni pa makina pali thireyi yokhala ndi kanthu koyandama. Madzi akadontheramo kanthuko kamakwera, makina n'kutseka madzi olowa pofuna kuteteza nyumba. Atazula pulagi, anthu awiri apendeketse makinawo chakumbuyo kuti madziwo atuluke, n'kuwasiya aume tsiku lathunthu. Ngati chinachititsa ndi thovu, vuto latha. Likabwereranso ndiye kuti pena pake pakudontha, ndipo pafunika kupapeza.

Makina okhala ndi kagalasi ka manambala amanena okha matenda awo. Pa makina a Bosch, E15 ndi madzi m'thireyi ya pansi, E24 ndi madzi okana kutuluka, pamene E09 ndi chotenthetsera. Kampani iliyonse ili ndi manambala ake, ndipo wokhala ndi foni ya intaneti akhoza kupeza kabuku ka makinawo polemba dzina ndi nambala ya pa kachikwangwani kaja.

ZA MAKANIKO NDI ZIPANGIZO

Malire a wantchito ndi pamene pafunika kumasula zitsulo za m'mbali kapena za pansi. Kuseri kwake kuli mawaya, ndipo pa makina akale pali kachitini kosunga magetsi kamene kamaluma ngakhale pulagi itazulidwa. Kumeneko ndi kwa makaniko.

Makaniko wabwino amabwera ndi mita yoyezera, ndipo amayeza asanatchule mtengo. Chotenthetsera chamoyo chimaonetsa ma ohm pafupifupi 25, pamene chakufa sichionetsa kanthu. Amene wangofika n'kunena kuti kabolodi kapsa, asanayeze china chilichonse, akayikiridwe. Mwini makina apemphe kuti chipangizo chakale chimene chachotsedwa chisiyidwe m'manja mwake. Asalolenso kuti makaniko alumphitse fyuzi, loko wa chitseko kapena kanthu koyandama kaja ndi waya, chifukwa zimenezi ndizo zimateteza nyumba ku moto ndi ku madzi.

Mphira wa chitseko, timatayala ta mabasiketi, mikono, sefa, mapaipi ndi pampu yotulutsira n'zotsika mtengo ndipo zimasinthika mosavuta. Zipangizo za Defy zimapezeka kwambiri ku South Africa kumene kampaniyo ili, kotero mbale amene ali ku Johannesburg akhoza kuzitumiza pa basi akapatsidwa chithunzi cha kachikwangwani ndi cha chipangizo chakufacho. Ku Ulaya lamulo limene linayamba kugwira ntchito mu Malichi 2021 limakakamiza opanga makinawa kusunga zipangizo zake kwa zaka 7 mpaka 10, malinga ndi chipangizocho. Makina akale kwambiri lamuloli silinawapeze, choncho zipangizo zake zimafunidwa kwa amakaniko osunga makina akufa.

Makina osamalidwa bwino amatha zaka 10, ena kupitirira. Koma ikafika nthawi yoti chitsulo cha m'kati chabooka ndi dzimbiri, kapena kabolodi ndi pampu yaikulu zafera pamodzi, kukonza n'kutaya ndalama. Ngati mtengo wokonzera ukupitirira theka la mtengo wa makina ena oyenda, ndi bwino kuwaleka. Zipangizo zake zamoyo zigulitsidwe kwa makaniko, mabasiketi asanduke thandala, ndipo chitseko chichotsedwe asanawaike panja, kuti mwana wosewera chibisaliro asadzitsekeremo.

WANTCHITO NDI BWANA WAKE

Wongoyamba ntchito pamalo pamene pali makinawa apemphe kuti amuonetse kagwiritsidwe kake pa tsiku loyamba, ndipo bwana kapena dona akhale pomwepo. Ngati pali chilema chimene wachipeza kale, monga mphira wong'ambika kapena basiketi yothyoka, achinene tsiku lomwelo. Asunge kope laling'ono lolembamo tsiku limene watsuka sefa, wathira mchere, ndi limene sopo watha. Kope limeneli ndi mboni yake tsiku la mlandu.

Akaona kusintha, asadikire kuti makina aimiretu. Kunena kuti, "Bwana, makina aja akuchedwa kutulutsa madzi, ndimati muwaone vuto lisanakule," kumateteza ntchito kuposa kukhala chete chifukwa cha mantha. Nawo mabwana adziwe kuti pampu ya zaka 12 imafa yokha, ngakhale m'manja mwa munthu wosamala. Kudula malipiro a mwana wa eni chifukwa cha chipangizo chimene chinatha kale asanabwere n'kulakwa. Bwana amene sagula sopo woyenera ndi mchere, kapena amene anakana kuitana wamagetsi, asafunefune wina womuloza chala.

MPHATSO YOCHOKERA KUTALI

Zimachitika kuti mwana amene ali ku Joni, pofuna kupeputsa ntchito ya mayi ake, amaganiza zotumiza makina otere kumudzi. Mtima wake ndi wabwino, koma walira mvula walira matope. Panyumba popanda madzi a m'mipopi obwera ndi mphamvu, popanda magetsi a EDM okhala ndi waya wa m'nthaka, ndiponso popanda sitolo ya sopo wake pafupi, makinawa sangatsuke ngakhale supuni imodzi. Amangosanduka kabati yosungiramo ufa, ndalama zonyamulira ndi za msonkho wa pachipata zitapita kale. Makolo amene afunsidwa za mphatso yotere asachite manyazi kunena zoona, n'kupempha chimene chingagwire ntchito pakhomopo, kaya ndi thanki ya madzi, makina osokera kapena njinga.

Koma kwa mnyamata kapena mtsikana amene akupita kukafuna ntchito ya m'khitchini ku tauni, kudziwa makinawa n'chuma. Olemba ntchito amasunga munthu amene amatha kuchotsa sefa, kumasula pampu yokodwa ndi minga, ndi kudziwa pamene ayenera kuitana makaniko. Amene ali ndi mwana kapena mdzukulu wogwira ntchito yotere amusungire tsamba lino, adzaliwerenge akabwera kudzaona makolo.